Musanagule njinga ya haibulidi, kaonaneni kaye ndi wokonza njinga

Mawu oti haibulidi ambirife tinawadziwira ku chimanga. Pano afika ku njinga zakapalasa, ndipo amene tikuwerengera ndalama za thiransipoti ya teaching practice tayamba kutchera khutu. Njinga imeneyi ndi yosakaniza: mawilo aakulu ngati a njinga ya mpikisano, koma mahandulo owongoka ndi magiya ambiri ngati maunteni baiki. Ine ndikuti ndi njinga yomuyenera mphunzitsi. Chomwe ndikukana ndi kuigula chifukwa cha utoto wowala ndi dzina lolembedwa pa felemu. Munthu woyamba kumufunsa asakhale wogulitsa, akhale wokonza njinga wa pamsika wa kumene mukakhaleko.

Ubwino wake suvuta kuuona. Njinga yakuda ya makolo athu ndi yolimba, koma ndi yolemera ndipo ili ndi giya imodzi. Pa zitunda za msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza mudzaikankha, n'kukalowa m'kalasi malaya ali thukuta lokhalokha, ana a Fomu 2 akukodolana. Maunteni baiki imakwera bwino, koma matayala ake amazinomazino amadya mphamvu pa tala. Haibulidi ili pakati. Matayala a mamilimita 35 mpaka 42 m'lifupi amathamanga pa tala ndipo sachita mantha ndi msewu wafumbi wouma.

Nkhani ya thanzi imabwera yokha. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ngati sukulu ili pa mtunda wa makilomita 5, kupalasa mosathamanga n'kwa mphindi pafupifupi 20. Kupita ndi kubwera masiku asanu, ndi mphindi 200, osalipira jimu, osalipira kabaza. Kwa ife amene tsiku limathera pampando wa laibulale, zimenezi si zazing'ono.

Koma monga chimanga cha haibulidi chimafuna fetereza wogula, njingayi nayo imafuna zipangizo zake, ndipo msampha waukulu uli pa tayala. Mahaibulidi ambiri ali ndi mawilo otchedwa 700C, ndipo matayala ake ena amalembedwa kuti 28. Matayala a njinga yakuda nawonso amalembedwa 28. Nambala ndi imodzi, kukula n'kosiyana. Limu la 700C ndi la mamilimita 622, pamene la njinga yakuda, lija la 28 x 1½, ndi la mamilimita 635. Kusiyana kwa mamilimita 13 n'kokwanira kuti tayala likane kugwira limu. Wogulitsa wa pamsika akhoza kukupatsani la 28 ndi mtima woyera, mukafika kunyumba n'kupeza kuti ndalama zapita. Werengani pambali pa tayala. Pamalembedwa nambala ziwiri, monga 40-622: yoyamba ndi m'lifupi, yachiwiri ndiyo muiloweze. Kenaka funsani wokonza uja ngati tayala lotere amalipeza pafupi, kapena n'lochita kuitanitsa ku Lilongwe ndi ku Limbe. Akagwedeza mutu, ganizaninso. Njinga yoyembekezera tayala milungu iwiri siikufikitsani ku asembule.

Valavu nayonso muiyang'ane. Njinga zambiri zakaunjika zimabwera ndi valavu yopyapyala ya Presta, yomwe mpope wina sugwira. Ya Schrader, yofanana ndi ya galimoto, mutha kupopetsa ngakhale pomwetsera mafuta.

Pa felemu maganizo anga mwina sakomera anyamata okonda njinga yonyamulika ndi dzanja limodzi. Aluminiyamu ndi yopepuka, inde, koma ikang'aluka wowotcherera wamba wa pa trading centre sangaithe. Chitsulo amachiwotcherera mukuyembekezera. Mashoko akutsogolo a njinga yotchipa ndi katundu chabe: amawonjezera kulemera, amachita dzimbiri, ndipo pokwera chitunda amamwa mphamvu zanu. Mabuleki oyendera mafuta amagwira kwambiri, koma akadontha mudzasowa wothandiza. Mabuleki a waya, a timphira togwira limu, aliyense amawadziwa. Magiya 21 ndi okwana. Kuposa apo mukulipirira nambala yokauza anzanu ku hositelo.

Zomwe anthu amaziiwala ndi zija zosakongola. Onani ngati felemu ili ndi timabowo tomangira kaliyala ndi madigadi. Makope 60 oti mukachonge sangayende pamsana tsiku ndi tsiku, ndipo mvula ya Januwale, popanda madigadi, imajambula mzere wamatope kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Alongo athu ovala siketi afunefune felemu yotsika pakati. Zilipo, ndipo sizichepa mphamvu pa ulendo wa kusukulu. Ikwereni musanalipire. Phazi likafika pansi penipeni pa mpalaso, bondo likhale lopindika pang'ono chabe. Chishalo chotsikitsitsa ndicho chimapweteketsa mawondo, anthu n'kumanamizira njinga.

Wina anganene kuti ndiye bwanji osangogula Buffalo, njinga yachitsulo yopangidwira misewu yathu, yomwe kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100. Ngati akutumizani kudera lamchenga, kapena njingayo idzanyamulanso matumba a chimanga kupita kuchigayo, munthuyo akunena zoona, haibulidi isiyeni. Njira ina yotchipa ndi maunteni baiki yachitsulo yopanda mashoko, ya mawilo 26, n'kuiveka matayala osalala. Imagwira ntchito ya haibulidi, ndipo matayala ake savuta kupeza.

Pa ndalama zimene mwasunga, patulani kaye za chipewa choteteza mutu, nyali yakutsogolo, kofiira kakumbuyo ndi loko wolimba. Zotsalazo ndizo mtengo wa njinga yanu. Madalaivala a mathiraki pa M1 madzulo saona munthu wovala jekete yakuda.