NKHANI ZA PABWALO: Akulu Osunga Yunivesite ya Boma

Makolo ndi abale athu a m'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje, mwezi uno tifuna kukamba nanu za akulu amene alamulira sukulu zazikulu za Boma, zochedwa mayunivesite. Kapena wina adzati, "Ife ndife alimi a thonje ndi mapira, nanga za ku Zomba zitikhudza bwanji?" Zitikhudza ndithu. Pakuti sukulu zimenezi ziyenda ndi ndalama za msonkho, ndipo msonkhowo tiupereka ife tonse, pogula nsalu kapena malata. Ndiponso mwana uja munamgulitsira mbuzi kuti atsirize Folomu 4, tsogolo lake liri m'manja mwa akulu amenewa.

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, dziko litangolandira ufulu. Inali imodzi yokha kufikira pamene ya ku Mzuzu inatsegulidwa mu 1999. Pambuyo pake sukulu ya zaulimi ya ku Bunda inaima payokha, ndipo mu 2014 inatsegulidwa ina ya sayansi pa Ndata m'boma la Thyolo, kuseri kwa mapiri amene tiwaona kum'mawa kwa chigwa chathu. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: ya ku Zomba inasunga dzina lakale, ndipo Polytechnic ya ku Blantyre inaima payokha, sukulu za udokotala ndi unamwino nizikhala yunivesite imodzi.

Tsono maudindo ake ali otere. Pamwamba pali Chancellor, amene avala mkanjo pa tsiku lopereka madigiri. Kuyambira nthawi ya Dr. Kamuzu Banda, mpando umenewu wakhala wa mtsogoleri wa dziko. Pansi pake pali Khonsolo, ndilo bwalo losunga chuma, nyumba ndi malamulo a sukulu. Ena a m'bwaloli awaika ndi Boma, ena ndi nthumwi za aphunzitsi ndi ophunzira. Pali Vice-Chancellor, kapitao wa ntchito za tsiku ndi tsiku; woyamba anali Dr. Ian Michael. Potsiriza pali Seneti, bwalo la aphunzitsi akulu, loweruza za maphunziro ndi mayeso. Anagawa maudindo motere dala, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ngakhale kwathu kuno nyakwawa wanzeru sagamula mlandu wa munda asanamve nduna zake.

Koma kugawa maudindo pa pepala ndi kwapafupi. Chovuta ndi ichi: munthu amene anamuika pa mpando ndi mwini mphamvu, kodi adzalimba mtima kumuuza kuti "Iai, bwana, pano lamulo likana"? Tikumbuke nkhani ziwiri.

Mu 1987 apolisi anagwira Dr. Jack Mapanje, mlakatuli ndi mkulu wa aphunzitsi a Chingerezi pa Chancellor College. Anamtsekera ku ndende ya Mikuyu popanda kumzenga mlandu, ndipo anaturuka mu 1991. Masiku amenewo Chancellor anali Dr. Banda mwini, ndipo wapampando wa Khonsolo anali a John Tembo, mmodzi wa akuluakulu a chipani cholamula. Pamene Boma ndi bwalo la sukulu ziri dzanja limodzi, mphunzitsi alibe pothawira, ndipo anzake otsala aphunzira kuyang'ana kuchitseko asanatsegule pakamwa.

Nkhani yachiwiri inachitika mu 2011, ulamuliro wa zipani zambiri utakhazikika kale. M'mwezi wa February mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitana Dr. Blessings Chinsinga namfunsa za mau amene ananena m'kalasi, pamene anayerekeza mavuto a mafuta ndi ndalama zakunja m'Malawi ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzake analeka kuphunzitsa, nati sangagwire ntchito m'kalasi muli akazitape. Khonsolo, m'malo moimirira pakati, inachotsa ntchito aphunzitsi anai, ndipo nkhani inalowa m'mabwalo a milandu. Maphunziro pa Chancellor College anaima miyezi ngati 8, kufikira pamene Chancellor, Purezidenti Bingu wa Mutharika, analola mu October kuti anaiwo abwerere.  Amene anataya chaka ndi mwana wa kumudzi, amene anabwerera kudzalima dimba, makolo ake atawononga kale ndalama za ulendo ndi za chakudya. Njobvu zikamamenyana, wosauka ndi udzu.

Palinso nkhani ya khomo lolowera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunadza lamulo logawa malo ku yunivesite potsata maboma, limene anthu alitcha kota. Mu 1993 bwalo lalikulu la milandu linalikana. Mu 2009 linabweranso, boma liri lonse nilikhala ndi malo 10 osalandidwa. Ndipo mu 2020 Boma linalithetsa. Ena kwathu kuno analikonda, poona kuti sukulu za sekondale za m'chigwa muno ziri zochepa zipangizo. Abale athu a kumpoto analira nalo, poti ana ao okhoza bwino anatsala kunja. Sitiweruza mlanduwo lero. Tingoona kuti khomo limeneli lasintha kanai, ndipo alimi a ku Ngabu, ku Makhanga kapena ku Marka anangomva pa wailesi zitatha.

Nanga mkulu wabwino wa yunivesite timzindikira ndi chiani? Choyamba, adziwa kuti nkhokwe imene asunga si yake, ndipo aonetsa poyera umo ndalama zayendera. Chachiwiri, alemba mphunzitsi chifukwa cha nzeru zake, osati chifukwa cha mtundu, chipani kapena ubale. Chachitatu, asunga nyengo za sukulu, kuti maphunziro a zaka 4 asasanduke a zaka 6. Chachinai, asanakweze fizi akumbukira banja limene mbeu zake zinapita ndi madzi, monga zinachitika mu 2015 ndi pa namondwe Freddy mu 2023. Ndipo koposa zonse, aopa lamulo kupambana munthu amene anampatsa mpando.

Ife a kumudzi sitisankha Khonsolo, koma tisankha aphungu a Nyumba ya Malamulo, amene apanga malamulo a mayunivesite navomereza ndalama zake chaka ndi chaka. Phungu akadza kudzachititsa msonkhano, tisangompempha mijigo yokha. Timfunsenso mwaulemu kuti ana angati a m'dera lathu anasankhidwa chaka chino, asungwana angati mwa iwo, ndi angati analandira ngongole ya Boma yolipirira maphunziro. Ana athu amene anaphunzira ndi ngongoleyo tiwalangize aibweze, kuti ang'ono ao apeze potapa. Ndipo mwana wa kuno akadzakhala tsiku lina pa mipando imeneyo, akumbuke mbuzi ija inagulitsidwa.