Kodi mwana wa mlimi wa khofi adye mabuku?

Mwezi watha ndinali kwathu ku Misuku. Pamsika ndinapeza mtsikana wina amene ndimadziwa kuti ali chaka chachitatu ku yunivesite akugulitsa nthochi, anzake ali m'kalasi. Nditamufunsa anangoti, "Achimwene, ndalama zinatha." Mtima unandipweteka, chifukwa inenso ndinatsika galimoto pamsika womwewo, chikwama kumanja, digiri palibe.

Amalawi anzanga, tiyeni tikumbutsane. Kale wophunzira wosankhidwa ndi boma ankalandira alawansi yogulira chakudya ndi kulipirira malo ogona. Mu 2015 boma linathetsa alawansiyi kwa ophunzira atsopano, n'kukhazikitsa bungwe lopereka ngongole la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Amene anali atayamba kale sukulu anapitiriza kulandira. Ine ndinali m'gulu loyamba losalandira. M'kalasi ina muli wodya katatu, m'kalasi yoyandikana muli wogonera madzi.

Musandimve molakwa, sindinawachitire kaduka anzathuwo. Apo boma linachita bwino: linalemekeza pangano limene munthu analowa nalo pasukulu. Funso langa ndi lakuti, kodi nzeru imeneyi inapita kuti?

Mu 2016 fizi ya ku University of Malawi inakwezedwa kufika K400,000. Ophunzira atachita zionetsero, a Peter Mutharika anachotsako K50,000. Mu 2023 inafika K650,000. Bambo anga ankadziwa kuwerengera khofi wawo, koma khofi sabereka mowirikiza chifukwa choti mabwana akhala pansi ku Zomba. Amathyoledwa kamodzi pachaka, ndipo ndalama zake zimabwera nthawi yake, osati tsiku lotsegulira sukulu. Ndinabwerera kumudzi ndili chaka chachiwiri.

Tsono taonani za ngongolezi. Wophunzira amafunsira chaka chilichonse, ngati kuti umphawi ndi chimfine choti chimatha pakapita sabata. Mayi ake anali amasiye chaka chatha. Kodi chaka chino bambo adzuka kumanda? Mwana amalowa chaka chachitatu asakudziwa ngati dzina lake lituluka. Likapanda kutuluka, amabwerera ndi ngongole ya zaka ziwiri koma wopanda pepala lopezera ntchito yoti abwezere. Apa waluza mwana, laluzanso boma. Ndi nzeru zanji zimenezi?

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole ya ndalama zodyera inakwezedwa kuchoka pa K350,000 kufika K560,000 pachaka. Tinawomba m'manja. Koma gawani ndalamayo pa miyezi 12: siikwana K47,000. Ndipo ndi yofanana kwa mwana wa ku Chinamwali, amene amapita pansi kukalasi, ndi wa ku Misuku, amene ayenera kutsika mapiri mpaka ku Kapoka, kudutsa Karonga, Mzuzu ndi Lilongwe asanaone phiri la Zomba. Kota inathetsedwa mu 2020, inde, koma mtunda ndi thumba zikusankhabe ana.

Mabwana adzati ndalama palibe, chifukwa amene anakongola kale sakubweza. Apo akunena zoona, ndipo ena mwa iwo mukuwerenga nyuzipepala ino muli pampando wa ndalema m'maofesi. Bwezani, abale! Inunso amene munathawira ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam, nimuphunzira ndi ndalama za anthu achifundo akunja, mukudziwa bwino kuti sukulu simalizidwa ndi m'mimba mopanda kanthu. Bwanji muli chete? Mu Malichi 1992, amene anayamba kutuluka pamsewu kuvomereza kalata ya maepiskopi anali ophunzira a ku Chancellor College. Demokalase imene tikudyererayi ili ndi ngongole kwa ana asukulu.

Zimene ndikupempha si zachilendo. Amene wapezeka kuti ndi wosowa m'chaka choyamba alonjezedwe ngongole mpaka amalize, bola akukhoza mayeso. Ndalama zodyera zikakwera, zikwerere onse tsiku limodzi, wachaka choyamba ndi wachaka chomaliza. Fizi ikakwera, ngongole ya amene ali kale pasukulu ikwere nayo pompo. Aphungu athu a ku Chitipa akafunse zimenezi ku Nyumba ya Malamulo, ife tikumvetsera.

Mtsikana uja ndinamugula nthochi mkoko wonse. Akuti adikira ndalama za khofi, mwina abwerera chaka chamawa.