MTENGO UKADULIDWA, MTENGO WA TOMATO UTSIKA

Amai ndi atate a pamsika wa Chama, ndi inu anzathu ogulitsa ku Lundazi, ku Chipata mpaka ku Soweto mu Lusaka, lero tikambeko za chinthu chimene mukhala nacho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, koma pa miting'i sichitchulidwa. Tikamba za mtengo uja muika thebulo pansi pake.

Inu a ku Chama simufunika kuuzidwa za dzuwa la Okutobala. M'chigwa cha Luangwa kutentha kumafika madigiri 40. Repu yothyola m'mawa, ikakwana 11 hours yagona kale. Tomato afewa, nthochi zida, mwana kumsana alira osaleka. Kasitomala nayenso safuna kuima padzuwa, apita kuli mthunzi. Amene ali pansi pa mango agulitsa mulu wake pa mtengo umene anayamba nawo, amene ali padzuwa madzulo atsitsa kuti katundu asaole. Mthunzi ni ndalama. Mtengo ukadulidwa, mtengo wa tomato utsika.

Manje funso ni ili: mtengo umenewo ausamala ndani?

Mukayang'ana m'matauni athu, mitengo ya pamsika ndi ya m'mbali mwa msewu ili ndi mathero awiri chabe. Oyamba, ausiya. Palibe aukwera, palibe auyang'ana, mpaka mphepo ya mvula yoyamba ya Novembala ithyola nthambi yowuma n'kuigwetsa pa malata a kantemba, pa beseni ya mpunga, olo pa munthu. Achiwiri, anthu akachita mantha, aitana mnyamata wa ganyu ndi nkhwangwa. Iye akwera opanda chingwe, opanda chisoti, adula mutu wonse, asiya chitsa chachitali monga pholo ya malaiti. Alipidwa, apita. Inu mutsala padzuwa.

Ambiri tiganiza kuti kudula mutu ndiye kusamala. Iai. Mtengo udya ndi masamba ake. Mukachotsa onse nthawi imodzi, uthamangira kutulutsa timphukira tambirimbiri kuti usafe ndi njala. Timphukira tija tikula msanga, koma tigwira pakhungwa chabe, sitinalowe mkati mwa thunthu. Pachilonda chachikulu chija mvula ilowa, thunthu liyamba kuola, chiswe chipeza khomo. Pakapita zaka zochepa muli ndi nthambi zolemera zomera pa mtengo wowola. Mtengo munaudula kuti usagwere anthu ndiye wakhala woopsa kupambana kale.

Pali anthu amene nchito yawo ni imeneyi. Pachizungu awatcha arborist, ife tingoti dokotala wa mitengo. Sali chimodzimodzi ndi wocheka matabwa, amene ayang'ana mtengo n'kuwerenga mapulanga. Uyu ayang'ana mtengo n'kufunsa kuti: kodi uli moyo bwino, ungagwere ndani, nanga tingachite chiyani kuti ukhale zaka zina makumi awiri? Ni nchito yakale ndithu. Bungwe lawo lalikulu, International Society of Arboriculture, linayamba mu 1924 ku America. Ku Johannesburg kuli nthambi ya mzinda yotchedwa City Parks, imene iyang'anira mitengo ya m'misewu, ndipo munthu saloledwa kudula mtengo wa mumsewu mwa iye yekha.

Dokotala wa mitengo akafika pamsika ayamba ndi kuzungulira mtengo. Ayang'ana ngati patsinde pamera bowa, chifukwa bowa wa patsinde nthawi zambiri ni chizindikiro chakuti mizu kapena mtima wa mtengo ukuola. Agogoda thunthu kumva ngati lili ndi mphako. Ayang'ana ming'alu, njira za chiswe, ndi pamphanda pamene nthambi ziwiri zikuluzikulu zapanikizana, pakuti pamenepo mpamene mtengo ung'ambikira mphepo ikakula. Mtengo ukapendama, ayang'ana dothi la mbali inayo: ngati latukuka kapena lang'ambika, mizu yayamba kuzuka, ndipo anthu ayenera kuchokapo tsiku lomwelo. Akatha, alemba. Uwu uli bwino, uwu uchotsedwe nthambi zitatu, uwu wafa ugwetsedwe. Inde, nthawi zina yankho ni kugwetsa, ndipo munthu wodziwa sazengereza kunena.

Kadulidwe kakenso nkosiyana. Nthambi yaikulu saidula kamodzi. Ayamba kucheka pang'ono kunsi, kenaka acheka kumwamba patsogolo pang'ono kuti nthambi igwe yosasenda khungwa la thunthu, pomaliza achotsa kachitsa kotsala pafupi ndi kamkanda kotupa kamene kali pomwe nthambi ilumikizana ndi thunthu. Kamkanda kaja sakadula, chifukwa ndiko katseka chilonda. Ndipo pa chaka chimodzi sachotsa masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anai. Nthambi yolemera aimanga chingwe n'kuitsitsa pang'onopang'ono, osati kukuwa ati "chokaniko!" n'kuiponya.

Adziwanso makhalidwe a mtengo uliwonse. Tengani msangu, umene alimi a m'chigwa audziwa bwino. Mitengo ina ikamaphuka ndi mvula, msangu uyoyola masamba. Ina ikauma m'chilimwe, wo ndiye ubiriwira. Munthu wosadziwa akaupeza mu Januwale uli mbee, ati wafa, nkhwangwa. Wapha mtengo umene upatsa mthunzi mwezi womwe mthunzi usowa.

Koma tisaloze chala kwa ena chabe. Ifenso a pamsika timapha mitengo yathu, pang'onopang'ono, osadziwa. Mbaula ya vitumbuwa tiika patsinde tsiku ndi tsiku, khungwa lipsa mbali imodzi. Zinyalala tisesera pamenepo n'kutentha. Madzi a mchere otsukira nsomba, mafuta akuda a injini, zonse tithira pamizu. Tikhoma misomali yopachika salaula, timanga waya umene pakapita zaka ulowa m'thunthu n'kulitsamwitsa. Wina asenda khungwa la mankhwala kuzungulira mtengo wonse, osadziwa kuti chakudya cha mtengo chiyenda pansi pa khungwa lomwelo. Wina athira simenti mpaka kukhudza thunthu kuti pamalo pake paoneke bwino. Mizu yambiri ya mtengo ili m'dothi la pamwamba, losafika ndi mita imodzi yomwe, ndipo itambalala kupitirira pamene nthambi zilekezera. Ifuna mpweya ndi madzi. Mukaiphimba ndi simenti, mtengo sufa mawa. Ufa pakapita zaka, ndipo tsiku ukagwa tonse tidabwa, ena ayamba kukamba za ufiti.

Nkhani ina ni ya kubzala. Chaka chilichonse pa 15 Disembala dziko lathu likumbukira tsiku lobzala mitengo. Akuluakulu abwera ndi mamotoka, agwira fosholo, ajambulidwa, apita. Ikafika Juni mbuzi zadya, kapena mbande yauma chifukwa palibe anapatsidwa nchito yothirira. Kubzala nkwa tsiku limodzi, kulera nkwa zaka. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba: zaka zitatu zoyambirira ndizo zifuna mpanda, madzi m'chilimwe ndi munthu wochotsa nthambi zolakwika zikali zazing'ono ngati chala. Ndipo si mtengo uliwonse uyenera pamsika. Bulugama atalika kwambiri ndipo agwetsa nthambi mosachenjeza. Mkuyu uli ndi mthunzi wabwino, koma mizu yake ithyola maziko, mapaipi ndi zimbudzi ukabzalidwa pafupi. Mvunguti zipatso zake zilemera makilo angapo, simungaike mwana pansi pake. Mupani upinda masamba dzuwa likakula, mthunzi wake ngwochepa. Koma msikidzi, umene umera wokha m'mbali mwa Luangwa, uli ndi masamba chaka chonse ndipo mthunzi wake ngwakuda bii. Bwemba achedwa kukula, koma alimba ku mphepo ndipo zipatso zake mugulitsa pathebulo pomwepo. Kusankha kumeneku ndiko kufuna munthu wophunzira.

Mwina muganiza kuti izi nza azungu. Tiyeni ku Freetown, likulu la Sierra Leone, dziko losauka ngati lathu. Mu 2021 meya wawo, Yvonne Aki-Sawyerr, anasankha mayi wina, Eugenia Kargbo, kukhala woyang'anira nkhani za kutentha mumzinda, woyamba mu Africa yense. Imodzi mwa nchito zake zoyamba inali kuika madenga a mthunzi m'misika ina ya pabwalo, chifukwa anaona kuti amai ogulitsa ndiwo apsa kwambiri ndipo katundu wawo aonongeka. Mzindawo unayambanso kubzala mitengo miliyoni imodzi, ndipo anthu a m'makomboni alipidwa chifukwa cholera mitengoyo: aijambula pa foni kuonetsa kuti ikali moyo. Mumzinda womwewo munali mtengo wotchuka, Cotton Tree, wa zaka mazana, umene unali ngakhale pa ndalama zawo. Pa 24 Meyi 2023 unagwa ndi mvula yamkuntho. Olo mtengo wolemekezeka bwanji, tsiku lake lifika. Nzeru ni kudziwiratu tsikulo lisanafike.

Tidziwa ena ayankha ati: "Imwe, msewu wa Lundazi uvuta, madzi avuta, mankhwala asowa, manje mutiuza za mitengo?" Funso labwino, ndipo zonsezo tipitiriza kuzikamba. Koma werengani bwino. Shedi ya malata ifuna simenti, zitsulo, kontrakita, ndipo masana a Okutobala pansi pa malata pamatentha ngati uvuni. Mtengo waukulu unakula kale, palibe anaulipira, ndipo uziziritsa mpweya chifukwa masamba ake atulutsa chinyezi. Chimene ufuna ni munthu mmodzi wodziwa, sowo, zingwe, lamba ndi chisoti. Mukaudula lero, mthunzi ngati umenewo mudzaudikira zaka khumi kapena makumi awiri. Pa zinthu zonse za pamsika, ichi ndicho chotchipa kusunga ndiponso chodula kubweza.

Ndalama zake zichokera kuti? Choyamba, kwa inu. Lamulo la misika ndi masiteshi a mabasi la 2007 linaika misika m'manja mwa makhonsolo, ndipo levy mulipira. Amene atenga levy ali ndi udindo pa chitetezo cha amene alipira. Ngati denga la shedi ni udindo wa khonsolo, mtengo umene uphimba amai makumi awiri ni udindo wakenso. Chachiwiri, CDF. Ndalama imeneyi inachoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu bajeti ya 2025 inali K36.1 miliyoni pa constituency iliyonse. Chama North ndi Chama South pamodzi inali K72.2 miliyoni pa pepala mu 2025. Ni ndalama ya misonkho yanu, si mphatso ya munthu. Mkati mwake muli gawo la mabasale ophunzitsa achinyamata maluso. Sukulu ziliko: Zambia Forestry College ku Mwekera pafupi ndi Kitwe, ndi Copperbelt University, ziphunzitsa za mitengo ndi nkhalango. Dipatimenti ya Forestry ili ndi maofesala m'maboma. Maziko alipo. Chisowa ni wina wonena kuti mitengo ya m'tauni nayonso ni nchito.

Ndiye pitani nazo izi ku komiti ya msika, ku Ward Development Committee, kwa khansala ndi kwa phungu wanu, wa chipani chilichonse.

Mitengo yonse ya pamsika, pa siteshi ya mabasi, pa sukulu ndi pachipatala iwerengedwe, ilembedwe m'buku, ndipo munthu wodziwa aiyendere chaka chilichonse mvula isanayambe.

Mtengo waukulu wa pamalo a anthu onse usadulidwe popanda kalata ya wodziwa yofotokoza chifukwa, ndipo ogulitsa amene akhala pansi pake auzidwe pasadakhale.

Achinyamata awiri kapena atatu a m'boma la Chama atumizidwe kukaphunzira pa basale ya CDF, agulidwe zida, ndipo akabwera apatsidwe nchito. Mnyamata uja akwera opanda chingwe lero ndiye woyamba kuganiziridwa, chifukwa kulimba mtima ali nako kale.

Pomanga shedi yatsopano kapena ngalande, kontrakita alembedwe m'pangano kuti mitengo imene ilipo aizungulira, mizu yake osaidula.

Mbande iliyonse yobzalidwa pa 15 Disembala ikhale ndi dzina la munthu woilera, ndi kandalama kake, mpaka zaka zitatu.

Podikira zimenezo, mawa m'mawa mukafika, musanayale katundu, yang'anani kumwamba. Kodi pali nthambi yopanda masamba pamene zinzake zili nazo? Pali ina yothyoka imene yangokodwa? Yang'anani pansi: bowa, chiswe, dothi lotukuka. Mukaona, uzani acheyamani a msika, ndipo lembani kalata ku khonsolo, musunge kope yokhala ndi deti ndi chidindo. Nthambi ikakhala pafupi ndi mawaya a malaiti, musalole mwana wa munthu kukwera, itanani a ZESCO. Mbaula isunthireni kutali ndi tsinde, waya uja masulani, zinyalala kaotcheni kwina.

Amai, atate, mtengo umenewo anabzala munthu amene mwina sanagulitsepo pansi pake olo tsiku limodzi. Inu mwadyerapo, ana apita kusukulu ndi ndalama za pamthunzi umenewo. Tumizani uthengawu kwa mnzanu wa thebulo yoyandikana nanu, ndipo pa miting'i ikubwera ya msika, wina aimirire afunse: mitengo yathu aiyang'ana ndani, ndipo adzabwera liti?