CHENJEZO: Kuiwalaiwala kwa Wodwala MS Si Ulesi, Si Misala

Abale ndi alongo, makamaka inu amene muli ndi ana kapena achibale ku Britain, ku America ndi ku South Africa, tcherani khutu. Matenda a multiple sclerosis, omwe madokotala amangowatchula kuti MS, akhala akutengedwa ngati nthenda ya azungu okha. Si zoona. Kafukufuku wa ku California wa mu 2013 adapeza kuti amayi achikuda amawadwalanso, kuposa ngakhale azungu a m'dera lomwelo. Ku Britain kokha odwala MS ndi oposa 150,000. Ambiri amayamba kudwala ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo amayi ndiwo ochuluka.

Pa matendawa, chitetezo cha m'thupi chimatembenuka n'kuyamba kuwononga chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana, ndiye mauthenga amayenda modukaduka ngati magetsi pa waya wosendeka. Munthu amamva dzanzi, diso limodzi limachita chidima ndi kupweteka, miyendo imalemera, thupi limatopa osagwira ntchito.

Koma chodetsa nkhawa kwambiri n'chimene maso saona. Kwa pafupifupi theka la odwala, mutu umayamba kugwira mochedwa. Mawu amathawa ali pakamwa. Anthu awiri akamayankhula nthawi imodzi, iye nkhani yamutayika. Amaiwala tsiku la kuchipatala, amaiwala ngati wamwa kale mankhwala. Kuntchito amati wayamba ulesi, kunyumba amati wazungulira mutu, ena amati amulodza. Wodwalayo amangobisa poopa kuchotsedwa ntchito, ndipo miyezi imene mankhwala akadateteza ubongo wake imapita pachabe. Chonde, lekani kumunyoza. Pitani naye kuchipatala.

Musamulole kupita yekha. Munthu amene akuvutika kukumbukira sangafotokoze zonse m'mphindi zochepa zimene dokotala ali nazo. Lembani m'kope zizindikiro zonse ndi nthawi imene zidayamba, ndipo nenani poyera za kuiwalako, osangonena za miyendo. MS saipeza ndi maso, pamafunika makina a MRI, monga amene adafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Pemphaninso kuti ayeze HIV, chindoko, TB ya msana ndi kuchepa kwa vitamini B12, chifukwa zonsezi zimatha kuoneka ngati MS.

Inu amene muli kale pa mankhwala ndipo mukubwera kumudzi kudzacheza, nyamulani okwanira. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala a fingolimod kapena natalizumab kungadzutse matendawa mwaukali kuposa poyamba. Kutentha kwa mu Okutobala, malungo ndi matenda a m'chikhodzodzo zimakulitsanso zizindikiro, choncho mutu ukasokonezeka mwachilendo, kayezetseni msanga.

MS ilibe mankhwala ochiziratu. Amene akukuuzani kuti ali ndi zitsamba kapena madzi oichotseratu akungofuna ndalama zanu. Alipo mankhwala ochepetsa kuyambiranso kwake, ndipo mu 2023 bungwe la WHO lidaika atatu, rituximab, cladribine ndi glatiramer acetate, pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Funsani dokotala za iwo.

Koma pakamwa pakapindika, dzanja n'kufooka, lilime n'kulemera mwadzidzidzi, musati ndi MS. Ikhoza kukhala sitiroko. Thamangirani kuchipatala ola lomwelo.