Mwazi wa Yesu sunatsuke Amalawi okha

Abale, pa mapemphero athu ndimamva kawirikawiri pempho lakuti Ambuye atichotse kuno ku Easterhouse, atipatse nyumba kudera labwino. Sindikukudzudzulani. Inenso ndikakhala pa ntchito yanga yaulonda usiku, ndimaona anyamata ozunguzika ndi mankhwala osokoneza bongo akuyendayenda pakhomo pa sitolo, ndipo mumtima ndimawatcha akuba asanagwire kanthu.

Koma taganizani za malemu Bob Holman. Anali pulofesa pa yunivesite ya Bath, udindowo anausiya, ndipo mu 1987 anasamukira kuno komwe ife tikupempha kuchokako. Mu 1989 iwo pamodzi ndi anthu akuno anayambitsa FARE, bungwe lothandiza ana ndi mabanja. Ankatsatira Khristu, amene sanatiombole ali patali. Anatsika nkudzakhala pakati pathu tikadali m'machimo.

Ndiye tinene kuti mwazi womwewo sungakwanire mnyamata wa pakhomo pa sitolo uja? Ine ndikukana. Lachisanu lapitali ndinafunsa mmodzi dzina lake. Anadabwa kaye, kenako anandiuza. Ndamuitana kutchalitchi Lamulungu likudzali. Akabwera, chonde musadzamuyang'ane monga ndinkamuyang'anira ine.