Tiwerenge Mtengo Tisanagule Galimoto Yapamwamba ya Hybrid



Mwezi wa Disembala ukayandikira, pa Mzimba Boma pamasintha. Abale athu a ku Joni amayamba kufika, ndipo pa Jenda, pa Embangweni ngakhale pa Manyamula timaona magalimoto onyezimira amene sitinawaonepo. Agogo athu m'masiku a Wenela ankabwera ndi njinga ndi bulangete, koma zidzukulu zawo zikubwera ndi makiyi m'manja. Izi sitikudandaula nazo. Ndalamazo n'za thukuta lawo, ndipo amene adatumizapo mwana kunja akudziwa mmene zimapezekera movutikira.

Chifukwa cha thukuta lomwelo, sabata ino tikufuna kulingalira za mtundu umodzi wa galimoto umene ukukopa mitima ya anyamata ambiri: galimoto yaitali, yotsika, yaliwiro, ya mipando yachikopa, yoyendera petulo ndi magetsi pamodzi, imene amaitcha hybrid. Zitsanzo zake ndi Lexus GS 450h ndi Toyota Crown ya hybrid. Zina zimachokera ku South Africa, zina ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Wogulitsa amangonena mawu awiri: imathamanga, ndipo simwa mafuta. Zonsezi zili ndi choonadi chake. Komabe ife tikuti kwa munthu wa kuno kumwera kwa Mzimba, mtengo wogulira galimoto yotere ndi chiyambi chabe cha ndalama zimene idzadye.

Tiyambe ndi batire. Galimoto ya hybrid ili ndi mabatire awiri: laling'ono la mavoti 12 longa la galimoto iliyonse, ndi lalikulu limene limayendetsa mamota a magetsi. Mu Lexus GS 450h, imene idayamba kugulitsidwa mu 2006 ndipo ili ndi injini ya malita 3.5, batire lalikululi n'la mavoti 288 ndipo limakhala kuseri kwa mpando wakumbuyo. Batire lotere limakalamba ndi zaka, ngakhale galimoto itayenda mtunda wochepa. Kampani yake idaleka kupanga GS mu 2020, choncho iliyonse imene tingaipeze pamsika ndi yakale kale. Batire likafooka, mafuta amayamba kutha msanga, nyali zochenjeza zimayaka, ndipo pamapeto pake galimoto imakana kuyenda. Siingalizidwe mokankha monga tidazolowera ndi mapikapu athu akale.

Adani a batireli ndi atatu: kutentha, fumbi ndi kungokhala. Limazizira ndi fani imene imakoka mpweya m'kati mwa galimoto. Fumbi la misewu yathu ya kumidzi m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala likadzaza m'faniyo, batire limatentha n'kuyamba kuwonongeka mwiniwake osadziwa. Koma mdani woopsa kwambiri kwa ife ndi kungokhala. Mnyamata amabwera nayo pa Khirisimasi, Januwale akafika amaitsekera m'khumbi kwa amayi ake, makiyi n'kupita nawo ku Johannesburg. Kwa miyezi khumi ndi umodzi moto wa m'batire umatha pang'onopang'ono, ndipo ukatsika kwambiri, injini siingalire chifukwa batire lalikulu lomwelo ndilo limaidzutsa. Chaka chamawa mwini wake amapeza nkhuku zikuikira pansi pake.

Chachiwiri ndi kukonzetsa. Amakaniko athu a pa Boma ndi aluso ndithu. Injini ya minibasi amaiphwasula m'mawa, madzulo ikunyamula anthu. Koma galimoto iyi matenda ake amadziwika ndi kompyuta, ndipo mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi okhoza kupha munthu. Muli chipangizo chosintha magetsi chotchedwa inverter, chimene chili ndi pampu yakeyake ya madzi oziziritsa. Pampuyo ikafa, chipangizocho chimatentha. Mabuleki ake amayendetsedwa ndi makina a magetsi amene akawonongeka amafuna kusinthidwa athunthu. Ngakhale makina oziziritsa m'kati amafuna oyilo wakewake, ndipo kuthiramo wamba kumabweretsa vuto lina la magetsi. Zikatere galimoto iyenera kunyamulidwa pa lole kupita ku Mzuzu, mtunda wa makilomita oposa 100, kapena ku Lilongwe, makilomita oposa 250. Ndalama yayamba kale kutuluka makaniko asanagwire sipanala.

Chachitatu ndi zipangizo. Pafupifupi zonse n'zoitanitsa kunja ndipo zimagulidwa ndi madola kapena marandi. Tikumbukire kuti Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi galimoto pa galaja masiku amenewo adaona mtengo wa chipangizo chomwecho ukukwera usiku umodzi. Onjezanipo msonkho wa MRA polowetsa galimoto ya injini yaikulu, inshuwaransi, ndi COF. Onjezaniponso matayala ake, amene ndi opyapyala m'mbali ndipo dzenje limodzi limatha kuphulitsa tayala n'kupinda limu. Galimotoyi idapangidwira misewu yosalala. Pa M1 imauluka, koma mukapatuka kulowera kumudzi nthawi ya mvula, mimba yake imakhula pansi.

Tsono wina afunsa: nanga mafuta aja? Pamene tinkagona pa mizere ya petulo mu 2022 ndi 2023, kodi wa hybrid sankaseka? Funsoli n'lomveka. Toyota idatulutsa Prius mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo luso limeneli laonetsa kuti n'lodalirika. Tigalimoto ting'onoting'ono monga Toyota Aqua timapulumutsadi mafuta, ndipo zipangizo zake zikupezeka mosavutirapo chifukwa tachuluka m'mizinda yathu. Koma hybrid imapulumutsa kwambiri m'tauni, moima ndi kunyamuka pafupipafupi, pamene mabuleki amabwezera moto m'batire. Pa ulendo wautali wokwera mapiri a Chikangawa, injini ya malita 3.5 imamwa monga mwa msinkhu wake. Zimene munthu wasunga pa petulo kwa zaka zingapo zikhoza kuthera pa batire limodzi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikunena kuti galimoto yabwino n'njoletsedwa kwa mwana wa ku Mzimba. Amene amakhala m'tauni, amaiyendetsa sabata iliyonse, ndipo ali ndi ndalama yapadera yoikonzera, aigule ndi mtima woyera. Chimene chikutiwawa n'chakuti nthawi zambiri galimotoyi imagulidwa kuti anthu aone, ndipo ikafa, ngongole yake imagwera ena. Amagulitsa ng'ombe za bambo. Fizi ya mlongo wa ku sekondale imachedwa. Nyumba imaima pa lintala, ndipo mnyamata amene amati abwerere kwawo chaka chino amawonjezera zaka zina kuchilendo, mkazi ndi ana akudikira.

Choncho amene mtima wake wagwa kale pa galimoto yotere, adzifunse mafunso anayi asanatumize ndalama. Kodi batire lake layezedwa ndi kompyuta, ine kapena munthu wanga wodalirika akuona? Kodi makaniko woidziwa ali kuti, ndipo dzina lake ndikulidziwa? Ndani adzaiyendetsa ndi kuyeretsa fani yake ine ndikabwerera ku ntchito? Batire litafa mawa, ndingagule lina osakhudza chakudya cha pakhomo? Funso limodzi likasowa yankho, ndi bwino kudekha. Safunsa adadya phula.

Ndipo ife otsala kumudzi tili ndi mbali yathu. Ndife amene timathamangira kuzungulira galimoto yonyezimira, koma wobwera pa basi atanyamula ndalama ya malata ndi feteleza timangomupatsa moni wa patali. Disembala ikubwerayi, tiyeni timulandire iyenso ndi manja awiri.