Banja losadziwa kuweruka pa ntchito

Sabata ino ndabwera ndi buku loseketsa. Dzina lake ndi The Spellman Files, lolembedwa ndi Lisa Lutz wa ku America. Lidatuluka m'chaka cha 2007, ndipo ena asanu adatsatira, lomaliza mu 2013. Ndidaseka mpaka nthiti kuwawa, koma nditafika chakumapeto phwete lidandithera.

Nkhani yake ikuchitikira mumzinda wa San Francisco. Bambo Albert Spellman, omwe kale adali apolisi, ndi akazi awo mayi Olivia ali ndi kampani yofufuza anthu mwachinsinsi: ukawalipira, amamulondalonda munthu ndi kukuuza komwe amapita. Wotisimbira zonsezi ndi mwana wawo Isabel, wa zaka 28, amene adayamba ntchitoyi ali ndi zaka 12. Tsono vuto la a Spellman n'lakuti sadziwa kuweruka. Luso lozondera anthu akunja amaligwiritsanso ntchito pakhomo: kusecha m'zipinda za anzawo, kujambulana mawu mobisa, kutsatana ndi galimoto. Isabel amakonda kulowera pawindo m'malo mwa pakhomo.

Pamene Isabel adapalana ubwenzi ndi dokotala wa mano, adamunamiza kuti ndi mphunzitsi pochita manyazi ndi banja lake. Makolo, pofuna kudziwa bwenzilo, adalemba ganyu mng'ono wake Rae, wa zaka 14, kuti azimuzonda. Apa ndi pamene ine ndidasiyana nawo maganizo.

Ena anganene kuti makolowa adali ndi chifukwa, ndipo sindingawatsutse kotheratu. Isabel pa utsikana wake adali wovuta: mowa, kuwononga zinthu za eni, kubwera kunyumba mbandakucha. Kholo limene lidagonapo m'maso chifukwa cha mwana siliiwala msanga. Komabe taonani chimene adakolola. Adadziwa dzina la mnyamatayo, inde, koma mwana wawo adaganiza zosiya ntchito kuti atalikirane nawo. Funso limene akadamufunsa pamaso atakhala pansi adalituma kwa kamwana. Kodi ife amene timasuzumira m'foni ya mlongo wathu ali kubafa tikusiyana nawo pati? Nanenso ndidachitapo, ndipo zimene ndidawerengazo sindikadatha kumufunsa popanda kudziulula kuti ndine mbala.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi Rae. Wolemba amatiseketsa naye: amakonda zotsekemera, amakakamiza abale ake kumupatsa ndalama poopseza kuti aulula zinsinsi zawo, ndipo amalondola anthu osawadziwa mumsewu ngati masewera. Koma mwana adaziona kuti zimenezi? Palibe adamukhazika pansi kumuphunzitsa zoipa. Adangoona kuti m'nyumba mwawo ukamukonda munthu umamutsatira mobisa, ndipo chinsinsi cha mbale wako chili ndi mtengo wake.

Makolo adalola kuti Isabel achoke pokhapokha atafufuza mlandu umodzi womaliza, wa mnyamata amene adasowa kalekale. Mlanduwo uli mkati, Rae naye adasowa. Mathero ndawasiya kuti mukadziwerengere nokha. Chimene sindiiwala ndi bambo, mayi ndi mkulu wake, akatswiri opeza anthu obisala, akuzungulira mzinda wonse kufunafuna mwana amene iwo eni adamuphunzitsa kuyenda osaonedwa.